Sitima ya Mcere ndi Shuga

Njanji imadutsa pa Mitande. Tonse timaidziwa. Imacokera ku Cuamba ndi kukathera ku Lichinga. Ku Cuamba imakumana ndi njanji yaikulu, yocokera ku Nacala ndi ku Nampula, yopita ku Entre Lagos ndi ku Malawi. Sitima ikalira, ana amathamangira ku siteshoni. Amayi amanyamula malicero a nthoci ndi mtedza kukagulitsa pa mazenera.

Lero, anzathu, tiwerenga za filimu ya njanji imeneyi. Dzina lake m'Cipwitikizi ndi Comboio de Sal e Açúcar. M'Cinyanja tinganene kuti Sitima ya Mcere ndi Shuga. Anaipanga ndi bambo Licínio Azevedo. Anthu anaiona koyamba m'mwezi wa Ogasiti 2016 ku Locarno, m'dziko la Switzerland. Mu 2017 inalandira mphoto yaikulu pa mpikisano wa mafilimu wa Carthage, ku Tunisia.

Koma tikafunsa m'kalasi mwathu kuti, "Ndani anaiona?" manja okwera sangacuruke. Filimuyi ikunena za ulendo wa ku Cuamba. Anthu a ku Ulaya anaiombera m'manja. Ife eni ake a ulendowo, ambiri sitinaione. Tsono tiri ndi mafunso awiri. Kodi filimuyi yanena zoona za ife? Nanga n'cifukwa ciyani mafilimu onena za ife amafika kutali asanafike kwathu?

Kale kanema ankatitsata

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthawi imeneyo anthu 9 mwa anthu 10 sankadziwa kuwerenga. Boma latsopano linaona kuti nyuzipepala singafike kwa anthu otere, koma cithunzi coyenda cingafike. Motero linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Inali nyumba ya boma yopangira mafilimu.

Nzeru imeneyi inali itayesedwa kale ku Cuba, dziko la pa cisumbu lolankhula Cisipanishi. Kumeneko boma linatsegula nyumba yotere mu 1959, ndipo magalimoto ankanyamula kanema kupita naye kumidzi ya kumapiri. Katswiri wao wina, Santiago Álvarez, anabwera kuno kudzajambula. Ifenso tinakhala ndi magalimoto athu a kanema. Galimoto inkafika pamudzi madzulo. Anyamata ankapacika cinsalu coyera, ankaliza injini ya magetsi, ndipo mudzi wonse unkakhala pansi kuonerera.

Filimu yodziwika kwambiri ya nthawi imeneyo inali Kuxa Kanema. Inali ya nkhani za m'dziko, ya mphindi 10. Kuyambira 1981 inkatuluka mlungu ndi mlungu. Dzinali silivuta m'khutu la Mnyanja. Cilembo ca x cimamveka ngati sh, ndipo ife timamva ngati akuti kuca kwa kanema.

Kuxa Kanema inagwira nchito yake. Munthu wa ku Niassa ankatha kuona doko la Beira asanapondeko. Koma mwini mau anali mmodzi. Kamera inkatsata Purezidenti Samora Machel. Liu la munthu wosaoneka linkatiuza tanthauzo la zimene tikuona. Anthu wamba tinkaoneka tikulima, tikuimba, tikuombera m'manja. Madandaulo athu sanali a pa cinsalu cimeneco.

Panali filimu ina yosiyana nazo. Mu 1979 Ruy Guerra anajambula anthu a ku Mueda akucita sewero lao lokumbukira abale ao amene anaphedwa pa 16 Juni 1960. Eni ake anasewera nkhani yao, pamalo pomwe inacitikira. Tisaiwale njira imeneyi. Tikumana nayonso kutsogoloku.

Nkhondo inatseka misewu, ndipo magalimoto a kanema anaima. Ndalama za boma zinacepa. Mu 1991 nyumba ya Instituto inapsa ndi moto. Akatswiri amene anaphunzira nchito m'menemo anatsegula timakampani tao. Bambo Azevedo ndi anzao anatsegula Ebano Multimedia. Uyu ndiye kanema woima payekha. Wopanga filimu amasankha yekha nkhani, ndipo amafuna yekha ndalama. Pakamwa pake panamasuka. Koma galimoto ndi cinsalu zinapita ndi boma.

Nkhani ya filimuyi

Bambo Azevedo anabadwira ku Brazil mu 1951. Anali mtolankhani. Anabwera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anakhazikika. Pa nthawi ya nkhondo anafika ku Niassa, naona sitima ikulowa pa siteshoni ndi anthu ofooka, amene anakhala masabata pa njira. Anafuna kujambula ulendowo nkhondo iri mkati, koma sizinatheke. Mtendere utabwera mu 1992, anaceza ndi anchito a njanji ndi anthu amene ankakwera sitimayo. Analemba buku, linatuluka mu 1997. Filimu inabwera patapita zaka 19.

Nkhani ikucitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Sitima ikunyamuka ku Nampula. Kufika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 350. Pa mtendere ndi ulendo wa tsiku limodzi. Pa nkhondo sitima inkayenda ngati munthu wapansi. Apa njanji yazulidwa. Apo pakwiriridwa bomba. Anthu amatsika, amanyamula zitsulo zolemera, amakonza njanji, amakweranso. Patsogolo pang'ono amatsikanso.

Nanga ankapitiranji? Kugombe la nyanja kuli mcere. Ku Malawi kuli shuga wa ku Nchalo ndi wa ku Dwangwa. M'masitolo a kwathu shuga munalibe. Mayi ankatenga matumba a mcere kukasintha ndi shuga, kuti pobwera agulitse, ana adye. Masamu ake ndi omwewo. Pa masamu amenewa anthu anaikapo moyo wao.

M'sitima muli mayi Mariamu, amene anayenda ulendowu kangapo. Muli Rosa, namwino wacitsikana, amene akupita kukayamba nchito ku Cuamba. Muli asilikali operekeza. Wina ndi tenente Taiar, wophunzira, waulemu. Wina ndi Salomão, wankhanza, amene amaona akazi a m'sitima ngati malipiro ake. Mkulu wao ndi komandante Sete Maneiras, munthu wa mankhwala ndi zithumwa. Kuthengo kuli mdani wake, Xipoco, amene anthu amati amasanduka nyani.

Zimene filimuyi yacita bwino

Coyamba ndi ici, ndipo ndico cacikulu. Mantha a m'filimuyi sacokera kuthengo kokha. Amacokeranso m'sitima momwemo. Msilikali amene akuteteza ndi yemweyo amene akulanda mkazi wa mwini, mwamuna wake akuona. Anthu akhala cete. Adandaule kwa yani? Mfuti imene ikuwaopsa ndi yomweyo imene iwafikitse ku Cuamba. Akazi amene anakhala m'nkhondo safuna munthu wowamasulira zimenezi. Amazidziwa. Koma kuzidziwa m'mtima ndi kuziona pa cinsalu, pamaso pa amuna ndi ana, ndi zinthu ziwiri. Kuxa Kanema sikanaonetsa msilikali wotere. Kanema woima payekha wamuonetsa.

Caciwiri, mdani saoneka kawirikawiri. Timamva mfuti. Timaona udzu, mitengo, njanji yokhotetsedwa, mitembo. Anthu amagona pansi pa mabogi osadziwa kumene cipolopolo cikucokera. Ena angati wopanga filimu anasowa ndalama zojambulira nkhondo yaikulu. Ife tikuti anacita bwino. Munthu wamba nkhondo ankaiona motero. Sankaona mapu. Sankaona akuluakulu. Ankamva phokoso ndi kufuna pobisala.

Filimuyi saseka zithumwa za Sete Maneiras. Sitiuza kuti ndi umbuli, ndiponso sitiuza kuti tikhulupirire. Imangoonetsa asilikali akulimba mtima cifukwa ca iye. Apa wopanga filimu anamvetsera anthu. Acikulire akukumbuka gulu la Naparama la Manuel António, limene linabuka ku Zambézia ndi ku Nampula ca m'ma 1989 ndi 1990. Anthu ake ankatemera mphini kuti cipolopolo cisawalowe, ndipo ankapita kunkhondo ndi mikondo. Munthu wolemba za nkhondo yathu nasiya zimenezi, walemba theka.

Tiyamikenso kuti anchito a njanji sanaiwalidwe. Woyendetsa sitima ndi anzake alibe mfuti. Ali ndi nyundo ndi sipanala. Popanda iwo palibe angafike.

Pamene filimuyi yatsimphina

Dzina la filimu likuti mcere ndi shuga. Tinayembekeza kuti mwini nkhani akhala mayi Mariamu. Koma filimu ikamapita, mayi Mariamu amakankhidwira pambali. Pakati pamakhala cikondi ca Rosa ndi Taiar, ndi udani wa Taiar ndi Salomão. Msilikali wabwino ndi wabwino kwambiri. Woipa ndi woipa kwambiri. Pa moyo weniweni zinali zovuta kuposa pamenepo. Msilikali yemwe anakugawira madzi m'mawa ankatha kukulanda thumba madzulo. Anali mnyamata wanjala, mwina wogwidwa pa msika kuti akamenye nkhondo.

Bambo Azevedo ananena okha kuti anatsata mtundu wa mafilimu a akaboyi a ku America. M'mafilimu amenewo mumakhala sitima, cipululu, ngwazi ndi cigawenga. Mtundu umenewu umakoma kuonerera, sitikana. Umathandizanso kuti anthu a maiko ena aimve filimu msanga. Koma ngwazi ya ulendo uwu sinali ndi mfuti. Inali ndi mwana kumbuyo ndi thumba pamutu. Ndipo itafika ku Malawi inayenera kubwereranso njira yomweyo, itanyamula shuga amene aliyense ankamufuna. Ulendo wobwererawo sitiuona.

Kenaka pali cinenero. M'filimuyi anthu amalankhula kwambiri Cipwitikizi. Asilikali ndi namwino, inde, ankacilankhula. Koma amayi a m'mabogi a Nampula ndi Cuamba ankalira, kutukwana ndi kupemphera m'Cimakua ndi m'Cilomwe. Akafika kumalire ankatsatsa malonda m'Cinyanja ndi m'Ciyao. Munthu akamaopa imfa salankhula cinenero ca kusukulu.

Wosewera Taiar, Matamba Joaquim, ndi wa ku Angola. Wosewera Salomão, Thiago Justino, ndi wa ku Brazil. Sitikunena kuti anasewera moipa. Ndiponso filimuyi anaijambulira kum'mwera kwa dziko, osati pa njanji yathu. Munthu wodziwa njirayi adzafuna mapiri a miyala a ku Ribáuè ndi ku Malema, adzafuna phiri la Mitúcuè limene limamuuza kuti Cuamba yayandikira. Sadzawapeza monga amawadziwira. Munthu wa ku Locarno alibe nazo kanthu. Ife tiri nazo kanthu, monga munthu amene wapatsidwa cithunzi ca mayi ake koma nkhope iri ya wina.

Zonsezi ziri ndi cifukwa cake. Filimu yotere imadya ndalama zambiri: sitima yeniyeni, mabogi, anthu mazana, cakudya cao, makamera. Ndalamazo zinacokera kwa makampani a maiko 5: Mozambique, Portugal, Brazil, France ndi South Africa. Amene wasonkha ndalama amafuna kuonamo anthu ake ndi kumva cinenero cimene anthu ake amamva. Kale wopanga filimu ankayang'ana nkhope ya boma. Tsopano amayang'ana nkhope ya osonkha ndalama a kunja. Cingwe cacoka pakhosi, inde, koma cina cagwira mwendo.

Niassa wa pa cinsalu

Bambo Azevedo anapanganso filimu ina yokhudza cigawo cathu. Ndi Virgem Margarida, ya 2012. Kumapeto kwa 1975 asilikali anagwira akazi m'misewu ya ku Maputo, nawatcha mahule, nawatumiza ku misasa kuti akawasandutse "akazi atsopano". Msasa wina wa akazi unali ku Msawize, m'boma la Mavago, muno m'Niassa. M'filimu, Margarida ndi mtsikana wa kumudzi amene anapita kutauni kukagula zinthu za ukwati wake. Analibe mapepala, ndipo anamutenga pamodzi ndi enawo. Sanadziwepo mwamuna. Akazi anzake amadziwa zimenezi ndipo amamuikira kumbuyo, koma akuluakulu samva.

Filimu imeneyi ndi yolimba mtima. Inanena poyera nkhani imene dziko linkainong'ona. Imaonetsanso kuti komandante wamkazi, Maria João, amene amalamula ndi kulanga, nayenso ndi womangika m'thengo lomwelo. Koma tione bwino. M'filimu imeneyi Niassa ndi thengo cabe. Ndi malo a cilango. M'filimu ya sitima, Cuamba ndi dzina la kumene anthu akufuna kufika. M'mafilimu onse awiri timaona alendo akubwera kwathu movutika. Eni dziko, amene anaona magalimoto a akaziwo akudutsa, amene analandira anthu a Operação Produção mu 1983 nakwatirana nao, sanapatsidwe mpata wolankhula. Kamera imacokera ku Maputo, ndipo imaona Niassa ndi maso a munthu wa ku Maputo.

Filimu yaing'ono imene yatifika pamtima

Pali filimu ina ya bambo yemweyu, yakale, yaifupi, yosadya ndalama zambiri. Dzina lake ndi A Árvore dos Antepassados, Mtengo wa Makolo. Anaipanga nkhondo itangotha. Pa nkhondo anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ife a ku Mandimba sitifuna kuuzidwa zimenezi. Malire a Chiponde tinawaoloka ndi mapazi athu. Filimuyi imatsata banja lina likucoka ku Malawi kubwerera kwao ku Tete. Pothawa sanatsanzike mizimu ya makolo. Tsono akubwerera kuti akapepese patsinde pa mtengo wa pamudzi pao.

M'filimu imeneyi mulibe osewera olembedwa nchito. Banja lomwelo likuyenda, likunyamula katundu wake, likusewera moyo wake. Ndi njira ija ya ku Mueda. Munthu sangathe kunena kuti apa ndi zocitikadi, apa ndi sewero. Azungu amasiyanitsa mitundu iwiri: filimu ya zocitikadi ndi filimu yopeka. Bambo Azevedo amasakaniza ziwirizi, ndipo luso lao lalikulu liri pamenepo. Mayi akasenza mtolo, wausenza monga amasenzera masiku onse. Mkulu akakhala cete poona bwinja la mudzi wake, palibe amene anamuphunzitsa kukhala cete kumeneko.

Ife tikuti filimu yaing'onoyi iposa yaikulu ija pa coonadi. Yaikulu iri ndi mphoto. Yaing'ono iri ndi nkhope zathu. Tikadakonda kuti nkhani ya mcere ndi shuga ipangidwe motero: kukwera sitima ndi amayi atatu kapena anayi amene anayendadi ulendowo, kuima pa Iapala, pa Malema, pa Mutuali, iwo n'kumaloza kuti apa tinagona masiku akuti, apa tinaika mnzathu.

Nanga adzatibweretsera ndani?

Acinyamata ena akuyesa njira zina. Mickey Fonseca ndi anzake anasunga ndalama za nchito yojambula malonda, napempha anthu kusonkha, ndipo mu 2019 anatulutsa Resgate, filimu ya moyo wa kutauni. Mu 2020 inalowa pa Netflix. Inadelso Cossa anapita kumudzi kwa agogo ake kukafunsa za nkhondo, ndipo filimu yake inaonetsedwa ku Berlin mu 2024. Nchito ikuyenda. Koma Netflix imafuna intaneti ya ndalama ndi magetsi osazima, ndipo Berlin ndi kutali kuposa Locarno.

Komabe tisanamizane kuti kwathu kulibe kanema. Pa msika pali tinyumba ta vidiyo. Mwana amalipira kandalama kocepa, nakhala pa benci. Amaona karate, amaona mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India. Ena mwa mafilimu amenewa anyamata a ku Malawi anawaikira mau a Cicewa. Mcaina amamenya nkhonya akulankhula Cinyanja, ndipo ana amaseka mpaka misozi. Anyamatawo alibe thandizo la ku Ulaya. Ali ndi kompyuta yakale ndi maikolofoni. Ngati Mcaina wa karate angalankhule Cinyanja, mayi Mariamu angalephere bwanji? Opanga mafilimu athu amalipira omasulira m'Cingelezi ndi m'Cifalansa kuti akalowe mpikisano. Kumasulira m'Cimakua, m'Ciyao ndi m'Cinyanja kukadadya ndalama zocepa kuposa tikiti ya ndege yopita ku Ulaya. Apa sitiwakhululukira.

Mu 1978 kunabwera akatswiri awiri a ku France. Jean Rouch anaphunzitsa anthu kugwira timakamera tating'ono pa Universidade Eduardo Mondlane. Jean-Luc Godard anafuna kuti anthu a kumidzi apatsidwe makamera a vidiyo, adzijambule okha. Maganizo a Godard sanapite patali. Lero kamera ija iri m'thumba la mdzukulu wathu, m'foni. Amajambula nayo ukwati, mpira, ndi gule wa pa cinamwali. Agogo ake, amene anagona pansi pa bogi ku Malema, akhala pakhonde pomwepo akusenda cinangwa, ndipo foni siinawalozepo.

Njanji ya Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu Novembala 2016 itakonzedwa, miyezi itatu filimu ija itaonetsedwa ku Locarno. Tsono njira iripo. Aphunzitsi a makalasi athu angapemphe filimuyi kwa eni ake. Ikapezeka, tiionetse pa cipupa ca sukulu usiku wopanda mwezi. Wina wodziwa Cipwitikizi aime pambali, azimasulira. Ana aang'ono atsale kunyumba, cifukwa muli zoopsa. Amayi amene anayenda ulendo wa mcere akhale kutsogolo, ndipo akati, "Imitsani, sizinali conco," tiimitse. Tiwafunse kuti thumba limodzi la shuga linkadya matumba angati a mcere, ankagona kuti ku Nayuchi, ndani ankasunga ana iwo ali pa njira. Amene taphunzira kulemba caka cino tibwere ndi makope ndi mapensulo.